Dokotala wosabaya jekeseni

Mwezi wathawu ndinali kwathu ku Ntcheu. Tinakumana pabanja kutsanzikana ndi mwana wa achemwali anga, amene akukayamba maphunziro a PhD ku Blantyre. Mtsikanayu ndi namwino. Wagwira ntchito zaka zingapo pachipatala china chaching'ono chakumudzi, n'kudzachitanso digiri yachiwiri ya zaumoyo. Titatha kudya nsima ya nkhuku imene inafera nkhani yomweyi, amayi anga, omwe ndi agogo ake, anamuitanira pamphasa.

"Iwe, akuti ukamaliza uzidzatchedwa dokotala?"

"Eya agogo, Mulungu akalola."

"Ndiye uzidzang'amba anthu m'mimba?"

"Ayi agogo."

"Nanga jekeseni?"

"Jekeseni ndimabaya kale, agogo. Kumene ndikupitaku ndikukafufuza chifukwa chimene amayi ena akayamba mankhwala kusikelo sabwereranso kudzatenga ena."

Amayi anakhala kaye chete, kenaka anatembenukira kwa ine. "Aaa, zimenezo mpaka zaka zinayi? Bwanji osangowafunsa amayiwo?"

Tinaseka tonse, ngakhale mwini wakeyo. Koma funso la amayi landikhala m'mutu mpaka lero. Kwa ife dokotala ndi uja wa chovala choyera, wa chopimira pachifuwa cholendewera m'khosi. Chithunzi chimenechi tinachitenga kalekale, kuyambira nthawi ya Daniel Malekebu, amene anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry ku America mu 1917, ndi Kamuzu Banda amene anadzera pasukulu yomweyo. Tsono munthu akati akukatha zaka zinayi akuphunzira za mizere ya pachipatala, za makadi, za mtunda umene odwala amayenda, ambirife timaona ngati ndi sukulu ya anthu osowa chochita. Ndalemba nkhaniyi kuti ndiwayankhe amayi, ndipo yankho lake likuyambira m'nyumba mwathu momwemo. Achemwali andilola kuinena. Iwo eni amainena poyera kutchalitchi ndi pamisonkhano ya m'mudzi.

Bambo ake a mtsikanayu, alamu anga, anamwalira mu 2002. Anali mphunzitsi wa kupulayimale. Anadwala chaka chathunthu: chifuwa, kutsegula m'mimba, zilonda za m'kamwa, thupi n'kumangotha tikuona. Pamaliro wolengeza anangoti "adwala nthawi yaitali", ndipo aliyense anamva. Mu 2005 achemwali anayamba kudwala chimodzimodzi. Ife tinali titayamba kale kunong'onezana za amene adzatenge ana. Koma lero ndi achemwali omwewo amene anagwira nkhuku ija, kuicheka ndi kuiphika.

Matenda amodzi, nyumba imodzi, kusiyana zaka zitatu zokha. Mwina mukuti pakati apa panatulukira mankhwala atsopano. Ayi ndithu. Njira yophatikiza ma ARV atatu inadziwika padziko lonse mu 1996, ndipo ku Ulaya ndi ku America anthu anali akudzuka pamphasa alamu anga asanayambe n'kutsokomola komwe. Chimene chinasintha pakati pa 2002 ndi 2005 ndi njira yofikitsira mankhwalawo kwa munthu wa ku Ntcheu. Njira imeneyo anthu anachita kuiganizira, kuiyesa, kuiwerengera ndi kuikonza. Ntchito imeneyi ndi imene amaitcha kafukufuku wa kayendetsedwe ka zaumoyo, ndipo ndi imene mwana wa achemwali akukaphunzira.

Kunja maphunzirowa ali ndi makolo ake. Mu 1966 Avedis Donabedian, dokotala wobadwira ku Beirut amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya Michigan, analemba kuti ubwino wa chithandizo uziyezedwa patatu: zimene chipatala chili nazo, monga nyumba, antchito ndi zipangizo, zimene antchitowo amachita wodwala akafika, ndi zimene zimamuchitikira wodwalayo pamapeto pake. Mu 1971 Julian Tudor Hart, dokotala wa m'mudzi wa anthu okumba malasha ku Wales, analemba m'magazini ya The Lancet mfundo imene mayi aliyense wa ku Kasinje kapena ku Tsangano angaivomereze musanamalize n'kuinena komwe: kumene anthu akufunikira kwambiri chithandizo ndi kumene chithandizo chabwino chimasowa. Koma kuno kwathu maphunzirowa sanayambire m'kalasi. Analowera pa chifuwa chachikulu, atanyamula buku la mizeremizere.

Buku la mizeremizere

Karel Styblo anabadwira ku Czechoslovakia mu 1921. Pankhondo yachiwiri yapadziko lonse anatsekeredwa kundende yachibalo ya Mauthausen, kumene anatenga TB. Atachira anakhala dokotala wa matenda omwewo moyo wake wonse. Pofika m'ma 1970 mankhwala ochiza TB analipo, amphamvu ndithu, koma m'mayiko osauka anthu ankafabe. Munthu ankayamba mankhwala, akapezako bwino n'kusiya. Kapena mankhwala ankatha pachipatala. Kapena ankasamuka, osadziwika kumene walowera. Choipitsitsa n'chakuti panalibe amene ankadziwa kuti mwa anthu amene anayamba mankhwala, ndi angati amene achira. Zipatala zinkawerenga olowa, osawerenga mathero awo.

Styblo, akugwira ntchito ndi bungwe la padziko lonse lolimbana ndi TB lomwe likulu lake lili ku Paris, anayamba ndi Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1984 njira yake inafika ku Malawi. Mukaiona papepala mutha kuinyoza. Wodwala aziyezedwa makhololo pamaikulosikopu. Aliyense wopezeka ndi TB azilembedwa m'kaundula wa boma lake, mzere wake wake, nambala yake yake, ndi kupatsidwa khadi. Mankhwala akhale amodzimodzi dziko lonse ndipo asamathe. Miyezi iwiri yoyamba azimwa pali wina womuonerera. Ndiyeno miyezi itatu iliyonse wina azitsegula kaundula uja n'kuwerenga gulu lonse limene linayamba mankhwala nthawi imodzi: achira angati, amaliza angati, amwalira angati, mankhwala akanika pa angati, asowa angati, asamukira kwina angati. Palibe mzere wololedwa kukhala wopanda mathero. Ku Tanzania ochira anachoka pa anthu osakwana theka kufika pafupifupi 80 pa 100 alionse. Mu 1993 bungwe la WHO linalengeza kuti TB ndi ngozi yapadziko lonse, ndipo posakhalitsa linatenga njira ya Styblo n'kuitcha DOTS.

Mphamvu ya kaundula ndi yakuti sachita manyazi. Ngati m'boma lina anthu ambiri akusowa mwezi wachitatu, bukulo limanena, ndipo woyang'anira amakakamizika kufunsa kuti bwanji. Funso limenelo ndiye chiyambi cha kafukufuku.

Mafunso sanachedwe kuchuluka. Wodwala Edzi woyamba m'dziko muno anapezeka mu 1985. Chaka chimenecho odwala TB olembedwa anali pafupifupi 5,000. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anali atapitirira 20,000 pachaka, chifukwa kachilombo ka HIV kakafooketsa thupi, TB ndi imene imayamba kulowa. Nthawi imeneyo wodwala TB ankagonekedwa m'chipatala miyezi iwiri, akubayidwa jekeseni tsiku ndi tsiku. Akuluakulu amakumbukira majekeseni 60 aja. Mabedi anachepa, anthu n'kumagona pansi, ena kunsi kwa bedi la mnzawo. Nthambi yoona za TB, motsogozedwa ndi Felix Salaniponi, pamodzi ndi Anthony Harries amene anali ataphunzitsako ku College of Medicine, inafunsa funso losavuta kumva: kodi munthu sangamwere mapiritsi kunyumba, womuonerera n'kukhala m'bale wake? Anayesa m'boma lathu lomwe lino la Ntcheu m'zaka za m'ma 1990, akuwerenga zotsatira m'kaundula yemwe uja. Zitaoneka kuti zikutheka, njirayo inafalikira dziko lonse. Pajatu mawu oti "gadiyani" tinali nawo kale m'mawodi, munthu wophikira wodwala phala ndi kumuchapira. Kafukufuku anangomupatsa gadiyaniyo khadi ndi cholembera.

Piritsi limodzi m'mawa, limodzi madzulo

Tibwerere kwa alamu anga. Ma ARV atangotuluka, mtengo wake unali madola oposa 10,000 pamunthu mmodzi pachaka. Mu February 2001 kampani ya ku India ya Cipla inalengeza kuti itha kugulitsa mankhwala atatuwo pa madola 350 pachaka, osakwana dola imodzi patsiku. Mtengo utagwa chotero, panatsala chifukwa china chokanira. Ambiri kunja ankati Africa alibe madokotala, alibe makina oyezera magazi, anthu ake sangatsate malangizo. Chaka chomwecho Andrew Natsios, mkulu wa bungwe la USAID panthawiyo, ananena poyera kuti anthu ambiri a mu Africa sadziwa wotchi, kotero sangamwe mankhwala panthawi yake.

Mbali ina ya nkhawayo inali yoona. Malawi anali ndi dokotala mmodzi kapena awiri pa anthu 100,000 alionse. Ma ARV ankapezeka mogula m'zipatala zazikulu za ku Blantyre ndi Lilongwe, pa K2,500 pamwezi, ndalama imene mphunzitsi wa kupulayimale wa ana anayi sakanaikwanitsa mwezi ndi mwezi, kuphatikizapo thiransipoti. A MSF anali atayamba kupereka ulere ku Chiradzulu mu 2001 ndi ku Thyolo mu 2003, koma amenewo anali maboma awiri okha. Ofufuza atafunsa odwala a kukiliniki yolipitsa ya ku Blantyre chifukwa chimene amadumphitsira mankhwala, zifukwa zimene zinatsogola zinali kusowa kwa mankhwalawo kufamase ndi kusowa kwa ndalama. Kuiwala kunabwera pambuyo. Nkhani ya wotchi ija inathera pomwepo.

Mu 2001 Harries, Salaniponi ndi anzawo analemba mu The Lancet kuti ma ARV akangomwazidwa popanda dongosolo padzakhala chipwirikiti, kachilombo kadzasiya kumva mankhwala, ndipo njira yopewera zimenezo ilipo kale: kutengera chitsanzo cha TB. Bungwe la Global Fund litakhazikitsidwa mu 2002 n'kuvomera kupatsa Malawi ndalama, maganizo amenewa ndi amene Unduna wa Zaumoyo unatsata. Mu February 2004 pulezidenti Bakili Muluzi ananena poyera kuti mchimwene wake anamwalira ndi Edzi. Chaka chomwecho ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma ndi zamishoni, pansi pa kagulu kochepa ka ku unduna komwe munali Edwin Libamba, Simon Makombe, Erik Schouten ndi Harries.

Taonani mmene anaidulira nkhaniyo kuti ikwane m'manja mwathu. Mankhwala oyambira anali amodzi dziko lonse, Triomune, atatu m'piritsi limodzi, kumwa m'mawa ndi madzulo. Munthu sankadikira makina a CD4. Kiliniko ofesa akamuyeza n'kuona kuti matenda afika pamlingo wakutiwakuti malinga ndi zizindikiro, ankayamba. Sankadikiranso dokotala, akiliniko ofesa ndi anamwino ankaphunzitsidwa masiku asanu, kulemba mayeso, n'kukaonerera milungu iwiri pakiliniki imene inayamba kale. Chipatala chisanalandire mankhwala chinkayenderedwa kaye. Chaching'ono chinkaloledwa kuyambitsa anthu 25 pamwezi, chapakati 50, chachikulu 150, kuti mankhwala oitanitsidwa agwirizane ndi anthu ndipo asathere panjira. Wodwala ankabwera ndi gadiyani kudzamva uphungu. Ndipo pakati pa zonsezi panali khadi ndi kaundula, ana enieni a buku la Styblo. Miyezi itatu iliyonse oyang'anira ankafika pachipatala chilichonse kudzawerenga: amoyo ndipo akumwa angati, amwalira angati, asowa angati, asiya angati, asamuka angati.

Akatswiri ena akunja anakwiya nayo njirayi, amvekere ndi chithandizo cha anthu osauka, chopanda zoyezera zokwanira. Sankanama kwenikweni. Triomune anali ndi zovuta zake. Mmodzi mwa mankhwala ake, stavudine, ankachititsa dzanzi kumapazi ndi kuphwetsa masaya, ndipo achemwali anavutika nazo zaka zingapo mpaka mankhwala atasinthidwa cha m'ma 2013. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kumayambiriro kwa 2004 anthu amene ankamwa ma ARV m'dziko muno anali masauzande atatu kapena anayi okha, m'zipatala zisanu ndi zinayi. Pofika kumapeto kwa 2006 oposa 80,000 anali atayamba. Mmodzi mwa iwo anali achemwali anga, amene ndinawaperekeza ndekha monga gadiyani, nditanyamula botolo la thobwa limene sanathe n'kumwa komwe. Lero akumwa mankhwalawa ndi anthu pafupifupi 900,000.

Msewu wa tala

Kaundula wa pachipatala amaona okhawo amene afika pachipatala. Kuti udziwe zimene zikuchitika kumudzi, pamafunika kuwerenga kwa mtundu wina. Ku Chilumba m'boma la Karonga kuli malo a kafukufuku amene anayamba mu 1979 pofufuza za khate. Kumeneko ofufuza ankalemba kubadwa ndi kumwalira kwa munthu aliyense m'dera la anthu pafupifupi 32,000. Kiliniki ya ma ARV itatsegulidwa kutauni ya Karonga mu June 2005, anatha kuyerekeza imfa za kale ndi za pambuyo pake. Zotsatira zinatuluka mu The Lancet mu 2008, wotsogolera kulemba ali Andreas Jahn. M'miyezi isanu ndi itatu yokha, imfa za akuluakulu okhala kufupi ndi msewu waukulu zinatsika ndi 35 pa 100 alionse. Kwa okhala kutali ndi msewu sikunaoneke kusintha koteroko.

Mankhwala anali aulere kwa onse, wa kumsewu ndi wa kuphiri yemwe. Koma ulere umene uli makilomita ambirimbiri kuchokera pakhomo pako uli ndi mtengo wake: matola, tsiku lotayika kumunda, mphamvu zimene wodwala alibe. Ndi mfundo ya Tudor Hart ija, itavala nsapato za ku Karonga. Umboni wotere ndi umene unalimbikitsa kuti ma ARV achoke paboma pokha n'kutsikira m'zipatala zing'onozing'ono zakumidzi, kumene namwino mmodzi ndi alangizi a zaumoyo ndiwo chipatala chonse.

Pamene Malawi anatsogolera dziko

Mu 2010 WHO inatulutsa malangizo a kapewedwe ka kachilombo kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana. Inapereka njira ziwiri, A ndi B, ndipo zonse zinkadalira kuyeza CD4 kuti adziwe mayi woyenera kumwa mankhwala moyo wake wonse ndi mayi wongomwa pakanthawi. Akatswiri athu atakhala pansi anaona kuti papepala n'zabwino, koma pansi pano sizingayende. Makina a CD4 anali m'zipatala zochepa, ndipo ankafa kawirikawiri. Magazi akatumizidwa kuboma, zotsatira zinkabwera mayi atabereka kale, mwinanso osabwera. Komanso mayi wa ku Malawi nthawi imeneyo ankabereka ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, aliyense n'kuyamwa pafupifupi zaka ziwiri. Kumuuza kuti ayambe, asiye, ayambenso pamimba yotsatira, kunali kumusokoneza chabe.

Choncho Malawi anapanga njira yakeyake imene sinali m'buku la WHO, n'kuitcha B+. Mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka ndi kachilombo, ayambe ma ARV nthawi yomweyo, piritsi limodzi patsiku, moyo wake wonse, popanda kudikira CD4. Inayamba mu July 2011. Ena kunja anati ndi kuwononga ndalama, ena anati palibe umboni wokwanira. Koma kaundula uja anayankha. M'miyezi itatu ya April mpaka June 2011, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa amene anayamba ma ARV anali 1,257. M'miyezi itatu ya July mpaka September 2012 anali 10,663. Ziwerengero zimenezi zinasindikizidwa mu 2013, dzina loyamba pa olemba lili la Frank Chimbwandira wa ku Unduna wa Zaumoyo. Chaka chomwecho WHO inaika B+ m'malangizo ake, mayiko ambiri anatsatira, ndipo mu 2015 inanena kuti aliyense wopezeka ndi kachilombo aziyamba mankhwala posatengera CD4. Ulendo umenewu malangizo anachokera ku Lilongwe kupita ku Geneva.

Koma walira mvula walira matope. Mu 2014 Lyson Tenthani ndi anzake anaunika makadi a amayi masauzande ambiri a pa B+, n'kupeza kuti pafupifupi 17 pa 100 alionse anali atasowa pomatha miyezi isanu ndi umodzi. Ambiri mwa osowawo anangobwera tsiku loyamba lokha. Amayi oyamba mankhwala ali oyembekezera ndiwo ankasowa kwambiri kuyerekeza ndi oyamba chifukwa chodwala. Ndipo n'zomveka. Munthu wachoka kunyumba ali bwinobwino, wapita kusikelo kukamvetsera mwana, pofika masana wauzidwa kuti ali ndi kachilombo, wapatsidwa botolo la mapiritsi a moyo wonse, ndipo madzulo akuyenera kukakumana ndi bambo wa kunyumba amene sanayezetse. Botolo alibisa pati? Apongozi akaliona anena kuti chiyani? Kaundula amatha kukuuza kuti mayi wasowa. Sangakuuze zimene zinachitika panjira yobwerera kunyumba. Apa ndi pamene mwana wa achemwali akufuna kuyambira, ndipo apa ndi pamene funso la amayi anga likusanduka lanzeru kuposa mmene tinaliganizira poseka paja.

Funso ndi la ndani?

"Bwanji osangowafunsa?" Zoona, ntchito yake ndi imeneyo. Koma kufunsa kuli ndi mwambo wake. Ufunse ndani, poti amene wasowa ndi amene sumuona? Umupeza bwanji popanda kumuulula kwa anansi? Ukafunsa uli m'yunifolomu ya unamwino, akuuza zoona kapena akuuza zokusangalatsa? Ukamva amayi makumi awiri, udziwa bwanji kuti zimene anena ndi za amayi a dziko lonse? Ukayesa njira yatsopano pachipatala chimodzi zinthu n'kusintha, udziwa bwanji kuti yasintha zinthu ndi njira yakoyo, osati mlatho umene wakonzedwa chaka chomwecho? Ndipo njirayo idya ndalama zingati, zochotsedwa pa chiyani? PhD ndi zaka zophunzira kufunsa mwa njira yoti yankho lako lipirire pamaso pa anthu amene akufuna kulitsutsa, kuphatikizapo a ku Unduna wa Zachuma.

Mukabwerera m'mbuyo m'nkhani ino muona kuti mayina a alendo ndi ochuluka. Sindikuwanyoza, ena mwa iwo anakhala nafe zaka makumi, ndipo achemwali ali moyo chifukwa cha thukuta lawo. Koma zinali choncho chifukwa tinalibe pophunzirira. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991, pambuyo pa khama la anthu monga John Chiphangwi. Ophunzira ake oyamba anachita kuyambira maphunziro awo kunja n'kudzamalizira kuno. Digiri yachiwiri ya zaumoyo wa anthu inayamba m'zaka zoyambirira za m'ma 2000. Mu 2008 kunakhazikitsidwa mgwirizano wa CARTA, wothandiza mayunivesite a mu Africa kuphunzitsa okha anthu a PhD, ndipo Malawi ali momwemo. Mu 2021 koleji ija inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Ndiye kuti m'badwo wa mwana wa achemwali ndi umodzi mwa yoyamba imene ingathe kufunsa funso la ku Ntcheu, kulifufuza ku Ntcheu, n'kukalitetezera ku Blantyre.

Ndinamuuza nkhawa yanga usiku womwewo, titakhala panja. Ndinati ndaonapo anthu obwera ndi mafomu m'midzi, kufunsa mafunso tsiku lonse, kupereka sopo, n'kupita osadzabweranso. Ndaonapo mabuku akuluakulu a Chingerezi atagona m'mashelefu, amene amayi ofunsidwa aja sadzamva n'komwe zimene anapeza. Ndipo mwini ndalama nthawi zambiri ndiye amasankha funso. Iye anati, "Amalume, zimenezo ndikuzidziwa. Koma funso langali sanandipatse munthu. Ndi makadi amene ndinkawasanja ndekha Lachisanu lililonse, oti eni ake sanabwere."

Nkhaniyi yafika povuta tsopano. Gawo lalikulu kwambiri la ndalama zoyendetsera ntchito ya HIV m'dziko muno limachokera kunja. Mu January 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake la kumayiko ena, ndipo bungwe la USAID linathetsedwa m'miyezi yotsatira. Mapiritsi enieniwo ambiri amagulidwa ndi ndalama za Global Fund, koma anthu ochuluka oyeza magazi, olondola odwala amene asowa, ndi osunga kaundula m'makompyuta ankalipidwa ndi ndalama za ku America. Mwa kuyankhula kwina, chimene chinagwedezeka ndi njira ija, chinthu chomwe chija chimene chinasiyanitsa 2002 ndi 2005. Akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Tsopano pakufunika anthu oti akhale pansi ndi ziwerengero n'kunena kuti ndi ndalama zochepa zimene tili nazo, tisunge chiyani, tiphatikize chiyani, ndi chiyani chimene tikachisiya anthu ayambanso kufa. Mafunso amenewa sadzatiyankhira mlendo amene akulongedza katundu.

M'mawa mwake tinamuperekeza kumsewu kukakwera basi. Amayi anakakamira kubwera nawo, ndodo ili m'manja. Achemwali anali atamwa kale piritsi lawo, monga achitira tsiku lililonse kwa zaka makumi awiri, ndipo ndi amene anasenza chikwama chachikulu. Basi itaima, amayi anamugwira mdzukulu wawo padzanja.

"Ukakawapeza amayi akowo, usakawakalipire. Ukayambe wawafunsa ngati adya."

"Ndamva agogo."

"Ndipo zimene akakuuzezo udzatiuze ifenso. M'Chichewa."

Kondakitala anali akumenya kale chitseko. Anakwera, ife n'kubwerera kunyumba pang'onopang'ono, poti amayi sathanso kuyenda mothamanga.